MBIRI YA WOTCHI YA LIWIRO PA NJINGA YAMOTO

Mau olankhulidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a midzi



Lero tikambirana za kanthu kakang'ono kamene kakhala pakati pa mahandulo a njinga yamoto, imene ena aitcha mthuthuthu. Kanthuka nkozungulira ngati wotchi, kali ndi manambala m'mphepete ndi mubvi umodzi pakati. Amakaniko akatcha sipidomita, kapena angoti sipido, koma ife m'nkhani muno tizikatcha wotchi ya liwiro. Nchito zake nziwiri: kuuza woyendetsa liwiro limene alikuthamanga, ndi kuwerenga mtunda wonse umene njingayo yayenda chiigulire.

Mukapita ku Lilongwe, kaimeni pa siteji ya kabaza ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 kapena ku Mgona, ndipo muyang'ane njinga zimene zandanda pamenepo. Simudzalephera kupeza zina zimene mubvi wake udagona kalekale pa 0, ndipo sudzukanso ngakhale njinga ithamange chotani. Pa zina mudzaona wotchi ya mtundu watsopano, yoyendera magetsi, yoonetsa manambala pa kagalasi monga ichitira foni. Nkhaniyi ikukhudzani inu, pakuti anyamata ambiri oyendetsawo ndi ana anu ochokera kumidzi, njinga zina zidagulidwa ndi ndarama za fodya, soya ndi mtedza, ndipo okwera pambuyo ndinu nomwe, akazi anu ndi ana anu. Tsono tiyeni tione kumene wotchiyi idachokera, chimene imafera, ndi zimene munthu ayenera kudziwa asanaisinthe.

MAYESEDWE A MAKOLO

Makolo athu sankasowa wotchi yotere. Ulendo ankauyesa ndi dzuwa ndi tulo. Munthu ankati, "Mukanyamuka tambala woyamba, mukafika dzuwa liri paliwombo," kapena, "Mugona panjira kawiri." Amtengatenga ndi onyamula machila ankayenda ndi miyendo, ndipo miyendo idziwa yokha malire ake, ikatopa imuuza mwini wake. Pamene Angerezi anakhazika boma pa Lilongwe m'chaka cha 1904, katundu ndi makalata zinali kufika pamutu. Njinga yakapalasa itabwera inali nawonso malire omwewo, chifukwa mphamvu yake ichokera m'miyendo ya wopalasa.

Bvuto linayamba pamene anthu anapanga makina osatopa. Injini siidandaula, ndipo thupi la munthu silitha kuyesa liwiro bwino. Mukayenda nthawi yaitali pa mseu wa tara, maso ndi makutu zizolowera, ndipo liwiro lalikulu liyamba kuoneka laling'ono. Ndicho chifukwa chake munthu wochokera ku Mchinji kapena ku Dedza, pofika m'tauni, ayesa kuti wachepetsa kwambiri, pamene akali kuthamanga koopsa. Anafunika mboni ina, yosazolowera ndi yosakondera.

LAMULO LIDATSOGOLA, WOTCHI NKUDZA PAMBUYO

Ku England, m'chaka cha 1865, anapanga lamulo la makina oyenda pamseu ndi mphamvu ya nthunzi. Lamulolo linati makinawo asapitirire mailosi 4 pa ola kumidzi ndi mailosi 2 m'tauni, ndiponso munthu aziyenda patsogolo atanyamula mbendera yofiira. Ku Germany, m'chaka cha 1885, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach anamanga injini ya petulo pa njinga ya matabwa, ndipo mu 1894 kampani ya Hildebrand ndi Wolfmüller ya ku Munich inayamba kupanga njinga zamoto zogulitsa. Njinga zoyambazi zinalibe wotchi ya liwiro.

Pa 28 January 1896, munthu wina dzina lake Walter Arnold anayendetsa galimoto m'dera la Kent pa liwiro la mailosi 8 pa ola, pamalo pamene lamulo linalola mailosi 2. Wapolisi anamthamangitsa pa njinga yakapalasa namgwira, ndipo bwalo linamlipitsa shilling imodzi pamodzi ndi ndarama zoyendetsera mlandu. Anthu amkumbukira monga woyamba kulipira mlandu wothamangitsa galimoto. M'zaka zotsatira apolisi anayamba kuyesa chigawo cha mseu, nabisala m'mbali ndi wotchi ya m'manja, nawerenga nthawi imene galimoto yatha podutsa chigawocho. Woyendetsa analibe choyankha nacho, chifukwa iye mwini sanadziwe liwiro lake. Mu 1903 malire anakwera kufika mailosi 20 pa ola, ndipo anthu ofuna chida chowauza liwiro anachuluka.

Chodabwitsa nchakuti nzeru yoyesa liwiro ndi magetsi ndiyo idayamba. Mphunzitsi wina wa ku Croatia, Josip Belušić, anapanga chida chotere mu 1888 nachionetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Paris mu 1889, koma sichinafale. Chimene chinafala ndi cha Otto Schulze wa ku Strasbourg, amene analandira kalata ya boma yomtsimikizira umwini wa nzeru yake pa 7 October 1902. Wotchi ya mubvi imene muiona pa njinga ku Kawale lero itsata nzeru ya munthu ameneyu.

Tamverani m'mene iyendera. Pa habu ya gudumu la kutsogolo pali kabokosi ka magiya aang'ono. Gudumu likazungulira, magiyawo azunguza chingwe cha waya chimene chiri m'kati mwa chikopa chake, ndipo chingwecho chikwera kufikira ku wotchi. Kumeneko chizunguza maginito. Maginitoyo ali m'kati mwa kambale ka aluminiyamu, koma sakakhudza ai. Pozungulira pake autsa timagetsi m'kambalemo, ndipo timagetsito tichititsa kuti kambale kafune kutsata maginito, monga madzi a m'mphika atsata mthiko. Koma kambale kamangidwa ndi sipuling'i yopyapyala ngati tsitsi, imene ikabweza. Njinga ikathamanga, maginito akoka kwambiri, kambale kapotoloka, ndipo mubvi womangidwa pa kambaleko ukwera. Njinga ikaima, sipuling'i ibweza mubvi pa 0. Chingwe chomwecho chizunguzanso timagudumu ta manambala timene tiwerenga mtunda. Zonsezi zichitika popanda batire.

Njinga za ku England monga BSA, Triumph ndi Norton zinkabwera ndi mawotchi a kampani ya Smiths. Ena mwa mawotchiwo anali ndi magiya m'kati monga wotchi ya nthawi, ndipo mubvi wake unkakwera modumpha pang'ono pang'ono. Mu 1935 dziko la Britain linaika malire a mailosi 30 pa ola m'matauni, ndipo mu 1937 linalamula kuti galimoto zatsopano zizikhala ndi wotchi ya liwiro. Kuyambira pamenepo mau akuti "sindinadziwe" anatha mphamvu pabwalo la mlandu.

NJINGA YAMOTO KUNO KWATHU

Pofika nkhondo ya 1914 mpaka 1918, njinga zamoto zinali zitafika kale mu Nyasaland. Okwera ake anali amishoni, mabwana a boma ndi Azungu a m'minda, chifukwa njinga yamoto itha kudutsa m'kanjira m'mene galimoto silowa. M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya unakula m'chigwa cha Lilongwe, atauyambitsa anthu monga A. F. Barron wa ku Mbabzi, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board. Fodya anakoka miseu, ndipo miseu inakoka makina. Pambuyo pa ufulu, makamaka itayamba nchito yotukula ulimi ya Lilongwe Land Development Programme mu 1968, alimi anazolowera kuona alangizi akuyendera midzi. Njinga zamoto za alangizi ndi za anthu a zaumoyo zinadza zochokera ku Japan: Honda, Yamaha ndi Suzuki. Njinga ya boma kapena ya bungwe iyenda ndi buku lolembamo mtunda wa ulendo uli wonse, motero wotchi yake ikafa, mwini nchito aifunsa msanga.

Lilongwe nayenso anali kukula. Anasanduka tauni mu 1947. Pa kalembera wa 1966 anthu ake sanakwane 20,000. Mu 1975 anakhala likulu la dziko, ndipo pa kalembera wa 2018 anapezeka ndi anthu 989,318. Kawale ndi Biwi adzaza pafupi ndi tauni yakale, Chinsapo watambalala ku njira ya ku Likuni, Area 25 ndi Mgona ali kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, ndipo Area 23 ndi mudzi waukulu pawokha. M'malo amenewa muli njira zambiri za pfumbi zimene minibasi siifika. Poyamba anthu ananyamulidwa pa kabaza wa njinga zakapalasa. Chitapita chaka cha 2010, njinga zamoto zotsika mtengo za ku China ndi ku India zinayamba kuchuluka, kufikira zinadzaza masiteji onse.

Njinga zimenezi ziri ndi mbiri yake. Akatswiri a kampani ya Honda anayendera maiko osauka, napeza kuti anthu ayendetsa njinga osasintha oyilo kufikira ada bii, ndipo apita kwa makaniko pokhapokha njinga itaima. Tsono mu 1975 anatulutsa njinga yotchedwa CG125, ya injini yopirira kusasamalidwa. Mafakitale ambiri a ku China anatengera mapangidwe a injini imeneyi, ndipo mzinda wa Chongqing, kumene kampani ya Lifan inayambira mu 1992, unatchuka ndi nchitoyi. Ku India kunachokera njinga za Bajaj ndi TVS. Injini zake nzopirira ndithu. Koma injini ikhoza kuyendabe wotchi itafa, ndipo chimene sichiimitsa njinga, mnyamata wofuna ndarama ya tsikulo sachikonza.

CHIMENE MUBVI UMAFERA

Kawirikawiri wotchi yeniyeniyo siifa. Chimene chifa ndi chingwe kapena magiya a ku gudumu. M'chilimwe pfumbi lilowa m'chikopa cha chingwe nilisanganizika ndi girizi, ndipo likhala ngati mchenga wopera. M'dzinja matope ndi madzi a m'zithaphwi zichotsa girizi yotsalayo, ndipo dzimbiri lilowa. Njinga ikagwa, kapena katundu akamangidwa molakwika kutsogolo, chingwe chipindika; chopindika chizungulira mobvutika kufikira chiduka. Palinso bvuto la pomata tayala. Gudumu la kutsogolo likachotsedwa, pobwezera pafunika kuti timano ta kabokosi ka magiya tilowe bwino m'malo mwake. Womata akamanga mothamanga, timanoto tiphwanyika, ndipo mubvi ugona kuyambira tsiku lomwelo.

Chingwe chisanaduke chichenjeza. Mubvi uyamba kunjenjemera, kapena mumva kulira kwa kukhulana kuseri kwa nyali. Kudziwa chimene chafa sikufuna sukulu. Masulani chingwe ku mbali ya ku wotchi, tukulani gudumu la kutsogolo, mulizunguze ndi dzanja. Waya wa m'kati akazungulira, bvuto liri m'wotchi. Akapanda kuzungulira, ndiye kuti chingwe chaduka kapena magiya atha. Chingwe ndi magiya zipezeka m'masitolo a zipangizo za njinga, ndipo mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi wotchi yatsopano. Safunsa anadya phula: yambani mwayesa chotere musanalole kuti akugulitseni chinthu chachikulu.

WOTCHI YA MAGETSI

Mu 1879 wophunzira wina wa ku Johns Hopkins University ku America, Edwin Hall, anapeza kuti maginito akayandikira kachitsulo kodutsamo magetsi, magetsiwo apatukira mbali imodzi, ndipo kupatukako kukhoza kuyesedwa. Panapita zaka pafupifupi 100 nzeruyi isanafike pa mseu, chifukwa tizida towerengera tinali tisanatsike mtengo. Mu 1976 galimoto ya Aston Martin Lagonda inaonetsedwa ndi manambala a magetsi m'malo mwa mibvi, ndipo inali ya anthu olemera okha. Lero wotchi yotere igulitsidwa ya njinga yamoto ngakhalenso ya njinga yakapalasa.

Mayendedwe ake ndi awa. Kamaginito kamangidwa pa gudumu, ndipo pa foloko pamangidwa kachida kotchedwa sensa, motalikirana mamilimita ochepa chabe. Nthawi iri yonse kamaginito kakadutsa, sensa itumiza chizindikiro chimodzi m'waya. Wotchi iwerenga zizindikirozo ndi nthawi ya pakati pake, nichita masamu. Mawotchi ena ali ndi sensa yomangidwa pa kabokosi ka magiya komwe kaja, pamalo pa chingwe. Palibenso waya wozungulira woti aduke, ndipo usiku manambala aoneka bwino.

Koma apa mpamene mpofunika kutchera khutu. Wotchi ya magetsi siona mseu. Chimene idziwa ndi kuchuluka kwa maulendo amene gudumu lazungulira, basi. Kuti isandutse maulendowo kukhala makilomita, munthu ayenera kuiuza kutalika kwa nthaka imene gudumu limeza pozungulira kamodzi. Tayala lolembedwa 2.75-17 limeza pafupifupi mamilimita 1,795, ndiko kuti mita imodzi ndi masentimita 80. Pa kilomita imodzi lizungulira ka 557 kapena kupitirira pang'ono, ndipo pa liwiro la makilomita 60 pa ola lizungulira ka 9 pa sekondi imodzi. Tayala lolembedwa 2.75-18 nlokulirapo, limeza pafupifupi mamilimita 1,875. Mukaiuza wotchi nambala ya tayala laling'ono pamene njinga iri ndi lalikulu, idzaonetsa 57 njinga ikuthamanga 60. Wotchi ya mubvi ikafa, yense aona kuti yafa. Ya magetsi ikauzidwa bodza, ibwereza bodzalo tsiku ndi tsiku ndi manambala owala bwino, ndipo woyendetsa aikhulupirira.

Zolakwa zina nzazikulu koposa apa. Wotchi ifunsa kuti maginito ali angati pa gudumu. Mukaiuza kuti ali awiri pamene ali amodzi, idzaonetsa 30 njinga ikuthamanga 60. Ndiponso mawotchi ambiri atha kuwerenga m'mailosi kapena m'makilomita. Mailo imodzi ndi kilomita imodzi ndi mamita 609. Wotchi ikasiyidwa pa mailosi, mnyamata adzaona 50 nayesa kuti alikusunga chikwangwani cha 50, pamene alikuthamanga makilomita 80 pa ola pakati pa ana a sukulu. Zikwangwani za pa miseu yathu ziri m'makilomita.

ZOYENERA KUONA POSINTHA

Ngati inu kapena mwana wanu afuna kusintha wotchi, kaimeni pomwepo pamene makaniko alikugwira nchito, kaya ndi ku magalaji a ku Biwi kaya ndi pansi pa mtengo ku Mgona, ndipo muone zinthu izi.

Choyamba, lembani m'buku manambala a mtunda a pa wotchi yakale pamodzi ndi tsiku, chifukwa wotchi yatsopano iyambira pa 0. Wotchi yakaleyo muisunge.

Chachiwiri, yesani gudumu lenilenilo, osangokhulupirira pepala. Popani tayala monga mwa masiku onse, woyendetsa akhale pa njinga, lembani chizindikiro ndi choko pa tayala ndi pa nthaka, kankhani njinga molunjika kufikira gudumu litazungulira ka 10, yesani mtundawo ndi tepi, ndipo mugawe ndi 10. Nambala imeneyo ndiyo youza wotchi. Mukadzasintha tayala kuika la msinkhu wina, muyesenso.

Chachitatu, kabokosi ka magiya ka pa habu kasatayidwe. Pa njinga zambiri kabokosika kagwiranso nchito yosunga gudumu pakati pa foloko. Kakachotsedwa popanda kuikapo china cha muyeso womwewo, gudumu likhala losakhazikika, ndipo imeneyo ndi ngozi yoposa wotchi yakufa.

Chachinai, magetsi a wotchi atengedwe pa waya woyaka ndi kiyi, podzera pa fyuzi, kuti isadye batire usiku njinga itaima. Mawaya alumikizidwe molimba ndi kukulungidwa bwino, ndipo waya wa sensa amangidwe motsata foloko, womasuka pang'ono, kuti asakokeke pokhota kapena podumpha m'maenje. Njinga imene batire yake idafa, yongolizidwa ndi kiki, siyenera wotchi ya magetsi: manambala adzazima ndi kuyaka. Konzani batire poyamba.

Chachisanu, iyeseni pamseu. Mafoni ambiri atha kuonetsa liwiro pogwiritsa nchito GPS, ndizo nyenyezi zopangidwa ndi anthu zimene boma la America linamaliza kuziika m'mlengalenga pofika mu 1995. Wokwera pambuyo agwire foni, osati woyendetsa, ndipo pa mseu woongoka ayerekeze manambala awiriwo. Ngati wotchi ipitirira pang'ono, palibe kanthu. Malamulo a ku Ulaya alola wotchi kupitirira pang'ono, koma saloleza konse kuonetsa liwiro lochepera pa lenileni. Ikachepera, bwererani kwa makaniko.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga yabwino ndi iti?" Yankho litsata njinga ndi malo. Ya mubvi siifuna magetsi, makaniko ali yense wa pa msika aidziwa, ndipo chingwe chake chikamadzozedwa girizi chikhalitsa. Ya magetsi siiduka chingwe, koma iopa madzi olowa m'mawaya, iopa batire yofoka, ndipo kamaginito kake katola tizitsulo ta m'pfumbi, motero kafunika kupukuta. Kwa mlimi wokhala kutali ndi tauni, kugula chingwe chatsopano ndiyo njira yapafupi. Kwa wa kabaza wa m'tauni amene chingwe chimdukira kawirikawiri, ya magetsi ikhoza kumthandiza, ikaikidwa bwino. Yoipa ndi imodzi yokha, ndiyo yakufa kapena yonama.

CHIFUKWA CHAKE TIKUNENA ZONSEZI

Pali zifukwa ziwiri, china cha chuma, china cha moyo.

Cha chuma ndi ichi. Buku la njinga iri yonse litchula makilomita oyenera kusinthira oyilo. Tinene kuti buku lanu liti makilomita 2,000, ndipo mnyamata wanu ayenda makilomita 100 pa tsiku: masiku 20 akakwana, oyilo watha mphamvu. Popanda manambala a mtunda, inu muli kumudzi simudziwa, iyenso angoyerekeza, ndipo injini imene mudagula ndi fodya wa chaka chathunthu itha isanabweze ndarama zake. Manambala omwewo akuuzaninso ngati ndarama imene mnyamata abweretsa igwirizana ndi maulendo amene njinga yayenda, ndi ngati petulo alikutha moyenera. Pogula njinga yakale, kumbukirani kuti wotchi yatsopano pa njinga yakale ioneka ngati ya njinga yosayenda. Yang'anani mano a sipuloketi, tcheni, zopondera ndi utsi wa injini. Zimenezo sizibwerera pa 0.

Cha moyo ndi ichi. Munthu akaona choopsa, papita ngati sekondi imodzi asanagwire buleki. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola, m'sekondi imeneyo njinga yayenda kale mamita 11. Pa 60 yayenda mamita 17, ndipo pa 80 yayenda mamita 22. Buleki atagwira, mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro ai, ukula koposa. Liwiro likachuluka kawiri, mtunda woimira uchuluka kanai. Wothamanga 60 asowa mtunda woposa kawiri wa amene alikuyenda 40. Pa mseu wa pfumbi, ndi matumba awiri a chimanga pambuyo, mtundawo utalikanso. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 afa pa miseu ya dziko lapansi chaka chiri chonse, ndipo liti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga 65, ngozi yakuti afe ichuluka kanai ndi theka poyerekeza ndi yothamanga 50. Kusiyana kwa 50 ndi 65 thupi silikumva bwino, koma wotchi ikuonetsa. Amene anayendera odwala ku chipatala cha Kamuzu Central, kapena ku chipatala cha mafupa cha LION chimene chinayamba nchito mu 2023, adziwa kumene miyendo yambiri ya anyamata ithera.

MAU KWA INU MAFUMU

Inu mafumu ndi nyakwawa muli ndi mau pa anthu anu, ndipo anyamata a kabaza a ku Chinsapo kapena ku Area 23 ali ndi kwao kumene abwerera. Wapolisi wa pamseu sangaime pa kanjira kali konse, koma inu mukomana ndi anthu pa misonkhano, pa maliro ndi pa bwalo. Lamulo la pamseu la 1997 lifuna kuti njinga yamoto ilembedwe ku boma, woyendetsa akhale ndi laisensi, ndipo abvale chipewa choteteza mutu. Pokumbutsa anthu zimenezi, onjezanipo mau a wotchi ya liwiro.

Anthu akabwera kwa inu kuti muchitire umboni kugulitsana njinga, auzeni alembe m'kalatamo manambala a mtunda, ndi kunena ngati wotchi idasinthidwapo. Mlandu wa mawa uchepa ndi mzere umodzi wolembedwa lero. Inu alimi amene mwapereka njinga kwa mwana kapena kwa wanchito, ikabwera kumudzi yendani nayo pang'ono, muone ngati mubvi udzuka. Ndipo inu nonse okwera pambuyo, amai ndi abambo, yang'anani pa phewa la woyendetsa. Mwalipira ndarama yanu, ndipo muli nawo ufulu wakumuuza kuti, "Achimwene, chepetsani."

Komabe musaiwale kuti wotchi siigwira buleki. Kuyambira masiku a Walter Arnold kufikira lero, nchito yake ndi ya mboni chabe: inena zimene yaona, ndipo chiweruzo chitsala m'dzanja la munthu wogwira handulo. Ionetsetseni kuti ndi mboni yamoyo ndi yonena zoona, ndipo muphunzitse ana anu kuimvera. Akulu adati kuthamanga sikufika.